Chikuta cha Nachisale pa Esiteti

Zaka zoyamba za matipate zija, ambiri a inu anyamata musanabadwe, ine ndi mkazi wanga Nachisale tinachoka kwathu ku Dedza kukakhala matenanti pa esiteti ya fodya kufupi ndi Namitete, ndipo mwana wathu woyamba anabadwira komweko, nyengo yothyola fodya ili pakati.

Kwathu mkazi akabereka ankakhala m'chikuta, amake akumuphikira phala, achemwali ake akumuthowa ndi madzi otentha, mwamuna ali patali. Ine mwambowo ndinausunga ndithu, ndinasamukira ku chigafa choyanikamo fodya n'kumadzitama kuti ndine munthu wolangizidwa. Koma chimene sindinaganize, ana inu, n'chakuti m'nyumbamo munalibe amake, munalibe mbale aliyense. Pamwambo wonsewo ndinangotolapo mbali yothawayo.

Nachisale anayamba kuzilala. Mwana akalira ankangomuyang'ana, kudya osadya, misozi ili chuchuchu popanda womuputa. Ine ndinkati ndi ulesi, anzathu ankati walodzedwa, koma mwiniwakeyo palibe anamufunsa. Paja safunsa anadya phula.

Tsiku lina masana mayi Phiri, akazi a aphunzitsi a kumpingo kwathu, anandipeza ndikusoka fodya.

"Bambo, kodi akazi anu munalankhula nawo liti?"

"Akadali m'chikuta, mayi."

"Chikuta cha munthu mmodzi? Ndawapeza pachitsime opanda ndowa, mwana amusiya m'nyumba, akungosuzumira m'madzimo."

Ndinasiya fodyayo pomwepo n'kuthamangira kunyumba. Nditalowa m'nyumba, Nachisale anandiuza motsitsa mawu kuti, "Ndimaona ngati mwanayu angakule bwino ine kulibe." Ndinalira ngati mwana, ndipo manyazi ake ndikali nawo mpaka lero.

M'mawa mwake tinapita naye kuchipatala, kumene anamwino anatiuza kuti amenewa ndi matenda a maganizo amene amagwira amayi ena akabereka, makamaka osowa wowathandiza, ndipo amachizika. Ndinakatenga apongozi ku Dedza, fodya wina n'kuonongekera m'munda, ine osadandaula. Nachisale anadzasekanso mwana atayamba kukwawa.

Lero inu mumatuluka kuchipatala tsiku lomwe mwana wabadwa, kukakhala m'nyumba za lendi kutali ndi abale, mwamuna maso ali pafoni, eti? Tsono ndikupempheni kanthu kamodzi. Alendo onse amabwera kudzaona khanda, kulinyamula ndi kufunsa dzina lake. Inu mukhale wofunsa amake kuti adzuka bwanji, ndipo akayankha kuti bwino, musafulumire kunyamuka. Khalani pansi, mufunsenso.