Munda wauve wa kuphiri

Mvula itangokata pa siteji ya basi ku Candelaria, Doña Fidelina, wogulitsa matamale, mikate ya chimanga yokulunga m'masamba a nthochi, anayang'ana matope pa nsapato za bambo wachilendo amene anakhala pambali pake.

"Bambo, mwachokera kumtunda inu?"

"Eya mayi, kuphiri uko."

"Ndiye mukuwadziwa alesi aja osatentha minda? Chimanga m'kati mwa mitengo, mapesi ali mbwee ngati kudzala?"

"Mlesi wake ndine, dzina langa Eusebio. Zaka zisanu ndi ziwiri osayatsa moto. Mitengo timangosadzira, masamba n'kuwasiya pansi."

"Mayo ine, pakamwa pangapa!"

"Musadandaule. Ngakhale apongozi anga amalambalala kuti asauone mundawo."

"Ayi, tamverani. Nyumba yanga ili kumunsi, pokumana mitsinje iwiri. Mvula ya sabata yathayi, mtsinje wochokera kwa otentha minda unabwera ndi matope ofiira, n'kukwirira khola la mchemwali wanga, nkhumba zonse momwemo. Wochokera kwanu unadzaza ndithu, koma madzi okhaokha. Unafika pakhonde n'kubwerera. Zidzukulu zanga zinali m'nyumbamo."

"Ife tinkangofuna kuti dothi lisatithawe, mayi. Za inu sitinkadziwa."

"Lero mwadziwa. Landirani matamale awa, akadali otentha."

"Onsewa? Mimba yanga ndi imodzitu."

"Awiri ndi anu. Enawo mukawapatse apongozi anuwo, ndipo mukawauze kuti kumunsi kuli mayi wina amene zidzukulu zake zili moyo chifukwa cha uve umenewo."