Kope la a Bwerezani

Olemekezeka akulu a sukulu ino, olemekezeka aphunzitsi a sayansi, amisiri amene mwamanga chipinda choonera nyenyezichi, ophunzira nonse, ndi inu mayi mwakhala kutsogoloku, mwana wa malemu amene ndikufuna kuwatchula lero, ndikupatsani moni.

Ndathokoza pondiitana, ngakhale mukanadziwa zonse mukanaitana wina.

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi zapitazo ndinali mkulu wa gulu loyeza kuwala kwa nyenyezi. Pagulupo panali mayi wina amene tinkawatcha a Bwerezani, chifukwa chilichonse ankachiyeza kawiri, ngakhale shuga wa mu tiyi. Tinalinso ndi lamulo lathu losalembedwa: nambala ikasemphana ndi buku, olakwa ndi makina, ndipo mkulu amaikhwatcha ndi bolopeni yofiira. Bolopeniyo inkakhala m'thumba langa.

Tsiku lina a Bwerezani anandibweretsera kope lawo. Anati kuli nyenyezi ina yakutali kwambiri imene kuwala kwake kumachepa pang'ono masiku anayi alionse, ndipo chimene chikuitchinga ndi pulaneti lalikulu zedi, lozungulira pafupi kwambiri moti chaka chake chimatha m'masiku anayiwo. Mabuku athu ankati mapulaneti aakulu amakhala kutali, kozizira. Ndinawayankha pamaso pa onse kuti pulaneti si mwana woti azikaotha moto pa nyenyezi.

Ndamva ena mwaseka. Tsiku limenelonso onse anaseka.

A Bwerezani anangoti, "Bwana, ndayeza kasanu ndi kawiri. Makina akamaonongeka sasunga masiku."

Ndinakhwatcha masamba khumi ndi awiri, n'kulemba pamwamba kuti "Zamaloto". Kopelo ndinalitsekera m'dilowa. Chaka chitatha sindinasainire kuti apitirize ntchito, poti amataya nthawi. Anapita kukagulitsa nsalu mumsika, ndipo anamwalira akugulitsa nsalu.

Lero mwana aliyense wa sayansi amadziwa kuti mapulaneti otere alipo, otentha koopsa, mbali imodzi ikuyang'ana moto osatembenuka. Nyenyezi ija ena anadzaiyeza, napeza masiku anayi omwe aja, ndipo mayina awo ndi amene ali m'mabuku. Amati mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Anga agonera, ndipo asasa.

Mayi ali kutsogolowa anandilembera katatu kufunsa kope la amayi awo. Katatu konse ndinayankha kuti linasowa posamuka. Ndinanama, chifukwa cha manyazi, ndiponso chifukwa ndinkakonda ulemu umene mwandipatsa lerowu. Kopelo ndi ili.

Sabata yatha ndinapita kwawo kukapepesa, ndi kupempha kuti tilikopere bwinobwino pa mapepala oyera tisanaliike m'galasi la m'chipindachi. Anandilandira, anandipatsa mpando, anandimvetsera mpaka kumapeto.

Kenaka anati, "Ayi bambo. Muliike momwe lilili, lotsegula pa tsamba lofiiralo. Ndipo musaine pansi pake, poti tsiku lija simunasaine."

Ophunzira inu, mukamalowa muno muzidzayamba mwaona tsamba limeneli musanaone kumwamba. Nambala ikakukanani, bwerezani. Wamng'ono akakutsutsani, khalani pansi mumve.

Bolopeni ija ndabwera nayo, ndipo ndisaina pano nonse mukuona. Riboni adule ndi mayiwa, dzanja langa ladula zokwanira. Motero ndikulengeza kuti chipinda choonera nyenyezi cha a Bwerezani chatsegulidwa.

Zikomo kwambiri.