Maina khumi ndi limodzi amene ndinalemba

Abale ndi alongo anga mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu. Ine ndine Barnaba wa ku Lunho, ndipo ambiri a inu mumangondidziwa ngati mdala wa zala zitatu. Lero ndikufuna ndikuuzeni za miyezi imene ndinakhala m'kadeya, ndiko kuti m'ndende, ku Metangula, nthawi ya Apwitikizi, chifukwa cha bola, mpira wamiyendo, ndi momwe Mulungu ananditulutsira.

Masiku amenewo ndinali nditangokwatira, ntchito yanga inali yopha usipa ndi utaka. Mphunzitsi wina wa ku mishoni anali ndi wayilesi ndi magazini akale a Chipwitikizi, ndipo kwa iyeyo ndi kumene ndinadziwira za timu ina ya ku Brazil. Inali ya mzinda wa padoko, kumene amapakira khofi m'sitima. Anaiyambitsa anyamata ochepa a mumzindamo, ndipo inatha zaka zambiri ikungotsalira kumbuyo kwa matimu a m'mizinda ikuluikulu. Kenako inadzaza ndi osewera akuda, ana a anthu osauka, ovala zoyera zokhazokha. Anatenga chikho cha dziko lawo, anatenga cha mayiko onse a kumeneko, ndipo anakagonjetsa akatswiri a ku Portugal pabwalo lawo lomwe ku Lisboa. Anakhala akatswiri a dziko lonse kawiri motsatizana. Ife amene tinkavulira chipewa mzungu aliyense, nkhani imeneyi inkatitenthetsa m'chifuwa. Ndinkaikopera yonse m'kadernu yanga, kabuku kolembamo.

Tinayambitsa timu yathu ndi kuitcha Oyera. Malaya anatisokera mkazi wanga Esinati, a matumba a ufa wa tirigu. Tinali Akhristu ndi Asilamu pamodzi, ndipo pagolo pankakhala mnzanga Saidi, amene ndinkapalasa naye bwato limodzi. Popeza ndine ndinkadziwa kulemba, anandisankha kapitau.

Nkhondo itayamba kumapiri, asilikali anadzaza ku Metangula ndipo asipayi, apolisi achikuda a Apwitikizi, anayamba kusecha nyumba. Kwathu anafika m'mawa ndikusoka ukonde. Anapeza kadernu ija m'bokosi, natsegula tsamba limene ndinalembapo maina khumi ndi limodzi. Pambali pa dzina lililonse panali mawu akuti ataki kapena defeza, kutanthauza woukira kapena wotchinga, pa langa panali kapitau, ndipo ndinali nditajambula mivi yosonyeza kothamangira. Pamwamba ndinalemba kuti Meluluca, domingu, pakuti tinapangana zokasewera kumeneko. Iwo anawerenga kuti ndi gulu la zigawenga limene likukonzekera kukaukira Meluluca Lamulungu. Pamasiku awiri okha tonse tinali titamangidwa.

Sindikufuna kukongoletsa zimene zinkachitika m'menemo. Chipinda chinali chaching'ono, tinkagona mosinthana, ndipo chidebe chinali chimodzi. Tsiku lililonse ankanditulutsa kukandifunsa kumene tinabisa mfuti. Ndikanena kuti ndi bola, ankandimenya m'manja ndi mbalamatodya, thabwa lija la mabowo, mpaka khungu linang'ambika. Aidani ndi Musa, amene ndinawalemba kuti ataki, anawakweza lole ya ku Vila Cabral sabata yoyamba yomwe. Saidi anamumenya m'nthiti, anayamba kutsokomola magazi, ndipo anamwalira masana ena mutu wake uli pamiyendo panga. Sanandinene kanthu. Anangopempha kuti ndimutembenuzire kumene amayang'ana popemphera.

Saidi atapita ndinasiya kudya. Anzanga sankandidzudzula, koma sankandiyang'ananso kumaso, ndipo ine ndinkadziwa kuti palibe amene akanakhala m'menemo ndikanapanda kulemba maina awo. Mapemphero onse amene ndinaphunzira ku mishoni anandithawa. Dzanja langa lamanja linatupa ndi kuyamba kununkha. Anandiuza kuti ndikavomera ndi kudinda chala papepala adzasiya kundimenya, ndipo ndikuulula pamaso panu kuti ndinatsala pang'ono kudinda, ngakhale ndinkadziwa kuti pepalalo litumiza anzanga onse kumene anapita Aidani ndi Musa. Pemphero limene ndinakwanitsa linali limodzi lokha. Ndinati Ambuye, dzanja ili ndi limene linalemba, litengeni, koma anthu asanu ndi awiri otsalawa muwabweze kwa akazi awo.

Patapita masiku atatu, fungo la dzanja lija linawakwana alonda, ndipo ananditengera kwa enfermeru, namwino wa asilikali apamadzi. Anali mzungu woonda, wosalankhulalankhula, dzina lake Abiliyu. Anaona dzanja, nati zala ziwiri zafa kale ndipo azidula. Akutsuka mabala anandifunsa chimene ndinalakwa. Ndinayankha kuti bola. Anandiyang'ana ngati ndikumunyoza, kenako anafunsa timu imene ndimaikonda.

Nditaitchula, anaika thonje pansi. Anati ngati ndi zoona ndimuuze zimene ndikudziwa. Ndinayamba pa chiyambi, za doko ndi anyamata aja, zaka zosowa chikho, mpaka maina a osewera mmodzimmodzi monga amaimira pabwalo. Nditafika pa za ku Lisboa ndinakhala chete, chifukwa ndinakumbukira kuti ndikulankhula ndi Mpwitikizi wovala yunifomu.

"Pitiriza," anatero. "Tsiku limenelo ine ndinali mumzinda wa padoko uja. Tinavina mumsewu mpaka miyendo inakana."

Anandiuza kuti anabadwira ku Portugal koma anakulira ku Brazil, kumene bambo ake ankasenza matumba a khofi. Atabwerera kwawo kukaika maliro a amayi ake, anamugwira usilikali namutumiza kunyanja kwathu kuno. Abale, ganizirani utali wa njira imene Mulungu anamuyendetsa munthu ameneyu kuti adzakhale m'chipinda chimenecho tsiku limenelo.

Zala anadula. Koma anakananso kundibweza m'kadeya, nanena kuti ndikhoza kufa, ndipo m'masiku amenewo anapita kwa mkulu wa asilikali kukapempha kadernu ija. Ndinamva pambuyo pake kuti anamuopseza kuti akumvera chisoni zigawenga ndipo amutumiza kutchire, koma sanaleke. Anawaonetsa kuti mivi yanga ndinaikopera m'magazini, ndipo masamba ena onse ndi zigoli ndi zikho. Pomaliza mkuluyo analamula kuti anzanga awafunse aliyense payekha malo amene amasewera, ndi amene amaima kumanja ndi kumanzere kwake. Onse asanu ndi awiri anayankha monga zinalembedwera. Panapita sabata zina zitatu, ndipo m'mawa wina anatitsegulira chipata popanda mawu alionse opepesa. Abiliyu anamusamutsa tisanatuluke, ndipo sindinamuthokoze mpaka lero.

Tinatuluka asanu ndi atatu. Aidani ndi Musa sitinamve za iwo, ngakhale nkhondo itatha. Oyera sanasewerenso.

Ndinakhala mwezi wathunthu ndikuopa kupita kwa a Che Omari, bambo ake a Saidi. Esinati ndi amene anandigwira mkono kundiperekeza. Tinawapeza akuphula usipa pathandala. Ndinagwada, ndinawauza momwe mwana wawo anafera, ndi kuti ndine ndinalemba dzina lake. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anandigwira paphewa.

"Dzuka, mwana wanga. Dzina la Saidi analilemba kale Mwini wake, iwe usanadziwe kugwira pensulo. Bwato lake likuuma pamchenga. Ulitenge, uzitibweretserako ndiwo."

Ndinapalasa bwato limenelo zaka zambiri, ndipo a Che Omari atamwalira ndinawaika m'manda ngati mwana wawo.

Ndikuyamika Mulungu amene anamva pemphero la munthu wosiya kupemphera. Sanandibwezere zonse, ndipo sindikunamizani kuti ndikumvetsa chifukwa chake atatu aja sanatuluke. Koma anthu asanu ndi awiri anabwerera kwa akazi awo, ndipo zidzukulu zawo zina zakhala pamabenchi ano. Inu amene mukuona ngati mlandu wanu ndi wolemera koti simungayang'ane kumwamba, musadinde chala pa bodza, ndipo musaleke kuitana, ngakhale ndi mawu ochepa amene mwatsala nawo. Ambuye akusungeni nonse. Amen.