Mkwatibwi wa pa Bolodi la a Gondwe

Kale, Kawale uyu asanadzaze chonchi, pakati pa nyumba ndi nyumba pakadali kachimanga ndi mawungu, mbiri idamveka kwathu ku Dowa kuti ine Chitsulo ndamanga ukwati woyera m'tauni, mwini wakene ndisakudziwa. Musaseke msanga, anyamata inu. Magetsi azima, makina ometera aima, ndipo iwe Yamikani wakhala apo mutu theka wometa theka tchire, maso ali pa foni, ati mtsikana wako wa kusukulu ku Mzuzu waika chithunzi ali ndi mnyamata wina, mnzako n'kukutumizira. Ika kanthuko m'thumba usendere kuno, poti ndi mutu umenewo sungapitenso kulikonse.

Ndidabwera m'tauni muno ndili mnyamata wa miyendo ngati bango, n'kufikira kwa atsibweni anga, ndipo kumudzi ndidasiya Esinati nditapereka kale chikole, mpango wofiira wamaluwa umene akuluakulu a mbali zonse adauona ndi maso awo. Inu lero chikole chanu ndi mayunitsi, otha dzuwa lisanalowe, koma ife mpango ukalandiridwa mudzi wonse unkadziwa kuti pakhomo apo pali mwini, ndipo ukabwezedwa ndiye kuti zatha, palibe apilo.

Ntchito ndidaisaka mpaka zidendene kung'aluka. Ku Kanengo tinkaima pageti khwimbi la anthu, kapitawo n'kutuluka kumaloza a zifuwa zazikulu, koma chala chake chikafika pa ine chinkadumpha ngati chaona mzati. M'masitolo ankafunsa pepala la sukulu, pamene ine pepala lomwe ndinkalidziwa lidali lopichirira fodya. Kunyumba nako akazi a atsibweni adayamba kudwala chifuwa chachilendo, chimene chinkawagwira pokhapokha ine ndikamasamba m'manja.

Adandipulumutsa ndi a Gondwe, mkulu wampingo wochokera kumpoto, kamunthu kakafupi, kowonda, ka kolala yowongoka ngati lata, amene adali ndi situdiyo yojambulira zithunzi pafupi ndi msika. Adanditenga ganyu wa kumapeto kwa sabata kokha, ndipo ntchito yanga idali kuveka anthu ulemerero ndi kuwavula akatha. M'menemo mudali jekete imodzi, tayi imodzi, wotchi yakufa, wailesi yopanda mabatire, telefoni ya chingwe chothera kuseri kwa kabati, ndi chinsalu chojambulidwa ndege. Munthu wogona ndi njala ku Mgona ankalowa nsabwe zikumuyenda, ine n'kumuveka jekete, kumupana ndi mapini kumsana, kumugwiritsa telefoni, ndipo pa pepala ankatuluka ali bwana woimbira ku Joni. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndiye inu mukamati mabodza a zithunzi mwayambitsa ndinu ndi zosalaza nkhope zanuzo, pepani ana anga, ife tidayamba kale, kungoti mabodza athu ankadikira kutsukidwa ndi kuuma.

Nsanje usaganize kuti ndi ya iwe wekha, Yamikani. Ine aliyense wochokera kwathu ndinkamugwira mkono kumufunsa kuti Esinati akuseka ndi yani kuchigayo, ndipo mwa nzeru zanga zonse ndidasankha Lufeyo kukhala mlonda wanga, Lufeyo amene ankabwera ndi fodya ku okushoni, yemwenso Esinati adamukana ine ndisanafunsire. Ndinkamupatsira sopo wokapereka kwa Esinati, n'kumuuza kuti azindiyang'anira. Kusungitsa mbuzi kwa fisi, n'kumuthokozanso!

Tsono a Gondwe adagula diresi laukwati ndi velo kuti azibwereketsa, koma anthu sankadziwa, ndiye adaganiza zoika chithunzi chachitsanzo pa bolodi la panja. Mkwati adapezeka msanga, ine, poti jekete inkandidziwa kale. Vuto lidali mkwatibwi. Atsikana onse a mumsika adakana, ati kuvala velo usanakwatiwe n'kudzitsekera khomo wekha, ndipo Mai Gondwe, mayi wodalitsika m'thupi, adayesa koma diresi lidathera m'mapewa. Kenaka mayi aja adawayang'ana amuna awo kuyambira kumutu mpaka kuphazi, nati, “Dada, kodi inu chiuno chanu si chomwechi?”

A Gondwe adakana, adatchula udindo wawo kumpingo, koma ndalama ya diresi idali itapita kale, ndipo tidatseka chitseko. Velo tidalipinda kawiri kubisa ndevu, maluwa apulasitiki kufikitsa kuchibwano, golovesi idalipo imodzi yokha ndiye dzanja lina lidangokhala lamaliseche pa maluwa, ndipo Mai Gondwe adadina batani akunjenjemera ndi phwete. Atavula, a Gondwe adandigwira phewa nati, “Chitsulo, izi zikamveka, ine kumpingo kwatha, iwenso ntchito yatha. Lumbira.” Ndidalumbira.

Ndikuuzeni, chithunzi chija chidakongola! Maukwati adayamba kubwera, amayi akuima pa bolodi kumayamikira mkwatibwi wamanyazi, woleredwa bwino, wosati atsikana amakono oonetsa mano. Tsiku lina ndidapeza Lufeyo ataima pomwepo, pakamwa pali yasa, ndipo atandiona adandigwira chanza ndi manja awiri nati, “Achimwene, zabwino zonse, mwachita zachamuna.” Ine poyesa akunena za ntchito, ndidayankha kuti, “Zikomo, kungoti n'zotopetsa.” Mawu amenewo adakafika ku Dowa basi isanazime injini.

Loweruka lotsatira ndikupana munthu mapini, ndidangoona pakhomo pachita mdima. Esinati, nkhope ili gwa, ndipo pambuyo pake azakhali ake a Nabanda, mayi amene akayankhula agalu ankasiya kuuwa kuti amve. Sadalandire mpando.

“Ali kuti?” adafunsa a Nabanda.

“Ndani, azakhali?”

“Usanditche azakhali, ndilibe mwana wa mitala ine. Ali kuti dona wako wa pa bolodi, amene akukutopetsayo?”

Ndidati ndi chithunzi chabe cha malonda, iwo adati chabwino, malondawo ali ndi dzina, ali ndi kwawo, atuluke timuone. Ndidayang'ana a Gondwe. A Gondwe adayang'ana kudenga, kenaka mwa ulemu wawo wonse adati, “Yayi mama, mtsikana ameneyo kulibe, adapita kwawo kumpoto.”

“Ehee!” a Nabanda adaomba m'manja. “Wapita kwa amake! Ndiye kuti ndi wodwala kale, akachirira kwawo. Esinati, masula.”

Ana inu, ine ndaonapo zoopsa, koma sindidzaiwala zala za Esinati zikumasula mfundo ya mpango kumutu kwake, pang'onopang'ono, osalira, n'kuupinda bwinobwino, n'kuuika pa tebulo pakati pa wailesi yakufa ndi telefoni yabodza. Ndikaulula, ndapha munthu amene adandichotsa pamsewu. Ndikakhala chete, Lufeyo akudikira kumudzi ndi ndalama za fodya, mwinanso ndi sopo wanga. Ndidangoti, “Esinati, mkaziyo sindingamutchule, koma pali Mulungu, ngakhale atatsala yekha padziko sindingamukwatire.”

“Tamumvani,” adatero a Nabanda, “wayamba kale kumunyoza mnzakeyo. Amuna!”

Koma Esinati sadali munthu wothamanga. Adati poti wawononga ulendo, amuone bwino mkazi amene wamulanda, ndipo adatuluka, n'kuzula chithunzi pa bolodi, n'kubwera nacho pa windo. Adachiyang'ana nthawi yaitali. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsono muyenera kudziwa kuti mankhwala otsukira zithunzi ankadetsa zikhadabo, kuzisandutsa zofiirira ngati za wosenda mtedza wauwisi, ndipo a Gondwe kachala kawo kakang'ono kadali kopindika chibadwire. Nthawi imeneyo dzanja lomwelo linkagogoda pa tebulo ndi mantha, go go go, pafupi ndi mpango. Esinati adayang'ana dzanja la pa maluwa, adayang'ana dzanja la pa tebulo, adabwereranso pa maluwa, kenaka adagwada pang'ono mwaulemu nati, “Pepani bambo, kodi mkwatibwi wanuyu nayenso amatsuka zithunzi?”

Dzanja lija lidathawira m'thumba. Kuseri kwa chinsalu cha ndege kudamveka ngati tayala laphulika, adali Mai Gondwe, amene adatuluka akukwawa ndi kuseka, misozi ili mbwe, akuloza amuna awo osatha kutulutsa mawu. A Nabanda adalanda chithunzi, kuchiyandikitsa, kuchitalikitsa, kenaka adakhala pansi okha popanda wowapatsa mpando.

“Kalanga ine! Ndasiya mtedza pa dzuwa, ndakwera basi, kudzalimbana ndi Maliya wa kudambwe! Mkulu wampingo wathunthu!”

“Chonde mama, tsitsani mawu,” a Gondwe adathamangira kukatseka chitseko, “makoma a ku Kawale ndi a njerwa imodzi.”

Mlandu adaugamula ndi Esinati. Adatola mpango wake, n'kuumanganso, ndipo adati pakamwa pake ndi pa azakhali padzakhala potseka, koma chithunzicho chisabwererenso pa bolodi, ndipo malo akewo adzaikepo cha ukwati weniweni, diresi lomwelo, mkwati yemweyo, mkwatibwi wopanda ndevu. A Gondwe adavomera asanamalize n'komwe. Kenaka Esinati adatembenukira kwa ine, ndipo apa mpamene ndidalandira yanga. Adati, “Inu, sopo amene Lufeyo ankandipatsa ngati wake ndamva lero kwa azakhali kuti munkatuma ndinu. Mukafuna kudziwa amene ndikuseka naye kuchigayo, muzibwera mudzandifunse. Ine ndamva zanu, ndabwera ndekha. Inu miyendo idaduka?”

Lufeyo adadikira mpango mpaka fodya wake adatha. Ife tidakwatirana mvula itasiya, diresi adalifutukula pang'ono m'chiuno poti Esinati adali wathanzi kuposa mkazi mnzake, ndipo chithunzi chathu chidakhala pa bolodi mpaka dzuwa lidachifufutitsa. A Nabanda adasunga chinsinsi monga adalonjezera, kungoti akakumana ndi a Gondwe ankawapatsa moni wakuti, “Muli bwanji apongozi achikazi?” Ndipo m'nyumba mwathu zaka zonsezi ndikadandaula kuti ndiwo zachepa mchere, yankho limakhala limodzi: “Pitani kwa akazi anu aakulu akakuphikireni.” Tsiku limene uthenga udabwera kuti a Gondwe atisiya, Esinati adandisitira malaya, misozi ikugwera pa nsimbi, nati, “Fulumirani bambo, mukakhale pafupi ndi bokosi, wamasiye ndinu.” Tidalira tikuseka, ndipo lero ndaulula poti a Gondwe ndi akazi awo onse adagona, sangaitanidwenso kubwalo la mpingo.

Ndiye iwe Yamikani, sindikuti mnyamata wa pa chithunziyo ndi mkulu wampingo wovala velo ayi, mwina ndi mbala yeniyeni, zimachitika. Koma chithunzi chilibe pakamwa, ndipo mnzako amene wakutumizira uja, yemwe akuti akukumvera chisoni, tayamba wafunsa ngati iyeyo alibe fodya wake ku okushoni. Safunsa adadya phula. Esinati adasiya ntchito kumunda, adakwera basi ya fumbi kudzafunsa funso limodzi, pamene iwe basi yako ili m'thumba, yosafuna ngakhale mpando. Muimbire mwana wa eni ake umve mawu ake, modekha, usanamasule mpango.

Aa, onani, magetsi ayaka. Koma yamba wamalizitsa mutuwo, mwana wanga, angakuimbire ya vidiyo n'kukhala iyeyo wofunsa kuti chilombo chimenechi ndi cha dambwe liti.