Tinsalu Tofiira pa Nyemba za Adokotala

Adokotala, mayi wofufuza mmene mbewu zimapiririra ludzu, analawirira ku nyumba ya magalasi yoyeseramo mbewu akuyenda monyang'wa. Masabata atatu apitawo anamanga tinsalu tofiira pa miphika makumi awiri ya nyemba n'kulamula kuti imeneyo isalawe ndi dontho lomwe, koma nyembazo zinali biriwiri, moti mayiwa anali ataitana kale akulu a dipatimenti kuti eyiti koloko m'mawa umenewo adzaone mbewu yosaopa chilala. Koma abale inu, atangolowa anapeza a Payipi, bambo wothirira mbewu, atagwada akumasula kansalu.

"Iii! A Payipi, mukutani?"

"Ndikusintha, Adokotala."

"Mukusintha chiyani?"

"Tinsalu. Nyemba izi zinagona ndi ludzu dzulo. Lero ndi tsiku la zinzake."

Adokotala anawayandikira. "Kodi ine ndinakuuzani chiyani?"

"Munati mphika wa kansalu kofiira osauthirira." A Payipi anaimika chala. "Ndipo sindinauthirirepo, Mulungu akundiona. Ndimayamba ndachotsa kansalu."

"Mukachotsa?"

"Ndimakamanga pa mphika wina umene unamwa dzulo. Zimasinthana bwinobwino, palibe yodandaula."

"Kuyambira liti?"

"Tsiku lachitatu. Ndinazipeza zitazyolika, masamba ali lende. Ndinati ayi, mayi aja ndi opemphera, sangafune zimenezi."

"Ndimafuna zimenezo! Zimayenera kufota! Ndiyo ntchito yake!"

"Kufota ndi ntchito?"

"Ndimafuna ndione mmene zimavutikira, mmene masamba amatsekera timabowo take kuti madzi asathawe!"

"Aaa, bwanji osandifunsa? Zimavutika kwambiri. Lembani."

Adokotala si munthu wogonja msanga, ngakhale amuna awo amadziwa. Anatsegula kope lawo n'kulimenya ndi chala.

"Ayi, mbewu iyi ndi yopirira basi. Ndakhala ndikuyeza masamba ndekha m'mawa uliwonse."

"Ndimakuonani. Mumabwera naini koloko, ine nditamaliza eyiti. Lero mwangolawirira."

"Manambala sanama! Onani apa, masamba odzaza madzi!"

A Payipi anasuzumira m'kopemo mwaulemu, manja kumbuyo. "Sananame ndithu. Madziwo analimo. Ndinaikamo ndine."

"Mapeji khumi ndi awiri ndalemba ine! Ndauza akulu kuti ndatulukira mbewu ya chilala!"

"Zikomo kwambiri. Dzina langa mwalembamo?"

"Dzina lanu la chiyani?"

"Si mwati zaoneka bwino? Inuyo mumangozithothola masamba n'kumawapana ndi kachida kanu kaja. Wozisamala ndine."

Apa mtima wa Adokotala unawawa zenizeni. Anayang'ana wotchi: eyiti koloko inali itatsala ndi mphindi zisanu. Anatsitsa mawu.

"Tamverani, bambo. Akulu akafika, inu mukhale chete."

"Akandipatsa moni?"

"Muyankhe moni yekhayo!"

"Akandifunsa za nyemba?"

"Munene kuti simukudziwa kanthu."

"Ndiye aziti ndimatani kuno zaka zonsezi? Ayi, Adokotala, ntchito yanga ndimaidziwa. Ndiwaonetsa ndi mfundo yomwe ndimamangira, siimasuka ngakhale kutawomba mphepo."

"Mayo ine!" Adokotala anakhala pa thumba la dothi, kope lili pamutu. Panja panamveka kutsekedwa kwa zitseko za galimoto, kenako mawu a akulu aja akuseka ndi alendo. Alendonso! Za alendo palibe anawauza. Anadzuka n'kugwira a Payipi mkono.

"Chonde, taganizani bwino. Palibe mphika ndi umodzi womwe umene watha masabata atatu osalawa madzi? Umodzi wokha, ndipeze choonetsa!"

A Payipi anakanda m'mutu, n'kuwerenga miphika ndi maso mzere ndi mzere. Kenako nkhope inawala.

"Ulipo!"

"Uli kuti? Fulumirani!"

"Pa desiki panu, mu ofesi. Duwa lija anakupatsani amuna anu. Limenelo ndiye munalisamalira nokha popanda wokusokonezani, ndipo lauma bwino kwambiri. Ndikalitenge?"