Mvula ya m'beseni

Ndine mphunzitsi wa sayansi kuno kwa Malemia, kumene mjigo wathu umatulutsa madzi amchere. Sukulu yathu ilibe labu. Tsiku lina ndinathira madziwo m'beseni, ndinaika kapu pakati, n'kuphimba ndi pulasitiki, kamwala pamwamba. Zotsalazo ndinasiyira dzuwa lathu lija.

Pofika masana, timadontho tinkagwera m'kapu pang'onopang'ono. Mtsikana wina, amene anali atandiuza kale kuti akusiya sukulu, analawa n'kutsinzina.

"Aphunzitsi, akukoma ngati mvula! Nanga beseni litakula ngati dambo la Ndindi, silingamwetse mudzi wonse?"

Ndinamuyankha kuti ine sindikudziwa, adzadziwa ndi amene apitirize kuphunzira.

M'mawa mwake ndinamuona akutulukira m'njira ya m'mapira, yunifolomu ili m'thupi, beseni la amayi ake lili pamutu.