Chatini ya Atelala

Mzime ankasenda matimati pang'onopang'ono, akuwavuula m'madzi otentha ndi kukoka khungu ndi nsonga ya mpeni. Bambo ake, amene adokotala anawaletsa shuga chigwereni m'bafa mwezi watha, anasuzumira pawindo kutsimikiza kuti mayi apitadi kuntchito, anatseka chitseko cha khitchini, kenaka anatulutsa paketi m'bokosi la nsapato.

"Bambo, ameneyo ndi shuga."

"Maso uli nawo. Senda."

"Adokotala anati..."

"Anati ndisadye. Kodi anati ndisanyamule? Tikuphika chatini, mwanawe. Matimati, anyezi, viniga, ndi kashuga pang'ono, ziwire mpaka zilimbe ngati jamu. Ndi mphatso ya atelala apafupiwa. Munthu watipatsa beseni lonse la matimati a m'dimba mwake, ife n'kungoti zikomo wapakamwa?"

"Oho. Ndi ya atelala."

"Ya atelala."

"Yonse?"

"Nanga mphatso imakhala yatheka?"

Mzime anagwedeza mutu. Ananyamula madzi osendera aja kukataya panja, ndipo anachedwako pang'ono. Pobwera anapeza poto akubwata, bambo atazondotsa paketi, akuimenya kumatako kuti pasatsale kanthu.

"Munati kashuga pang'ono."

"Atelala amakonda zotsekemera. Ndimawadziwa ine."

"Paja tiyi amamwa wopanda shuga?"

"N'chifukwa chake! Thupi lawo likumusowa."

Anatakasa, natakasa, fungo n'kudzaza khitchini yonse. Matimati aja anasanduka ofiira moderako, akuphulika tithovu taulesi. Bambo anatunga sipuni yodzaza, naiuzira mwachikondi.

"Ndilaweko mchere."

"Simunathiremo mchere."

"Ndiye ndilawe ngati ukufunika."

"Ndikulawirani." Mzime analandira sipuni ija ndi manja awiri, mwaulemu wake wonse, naipititsa kukamwa. "Sukufunika."

"Lilime la mwana limadziwa chiyani?"

"Ndilawenso?" Anatunganso ina. "Ayi ndithu, sukufunika."

Bambo anaiperekeza sipuniyo ndi maso mpaka inatuluka yoyera.

"Ikukoma bwanji?"

"Ikukoma."

"Fotokoza, iwe! Kusukulu sanakuphunzitseni kufotokoza?"

"Ikuyamba ndi kutsekemera. Kenako ikuwawasa pang'ono kumbali kwa lilime. Kenako ikutsekemeranso, mpaka kukhosi."

Bambo anameza malovu, mpaka Mzime anamva.

"Tapita ukaone ngati zovala zauma."

"Sitinachape lero."

"Katsuke mabotolo."

"Ndi awa, ndatsuka. Ndawaviikanso m'madzi owira."

"Iii, mwana wakhama ngati uyu ndinamulakwira chiyani? Pita ukaone ngati kukubwera mvula!"

Mzime anapendeketsa khosi, nayang'ana pawindo, phazi osasuntha.

"Sikukubwera."

Chatini itapsa, Mzime anayamba kuthira m'mabotolo, bambo ataima kumbuyo kwake ngati wapolisi wa pamsewu. Dontho limodzi linagwera patebulo. Chala cha bambo chinanyamuka ulendo, koma chinapeza nsanza yadutsapo kale.

"Tsopano tamvera," anatero bambo, mawu atawatsitsa. "Chatini saipereka tsiku lomwelo. Imafuna igone kaye pamdima, pozizira. Pansi pa bedi langa ndi pabwino."

"Atelala alinso ndi bedi."

"Lawo ndi lalifupi miyendo."

"Munalionera kuti?"

"Usandifunse ngati kukhoti! Chabwino, botolo limodzi litsale. La alendo."

"Alendo ake ati?"

"Alendo amachita kulembetsa? Aliyense wobwera!"

"Ndiye ndiwapatsa mayi alisunge."

"Amako asamve!"

"Kodi mphatso ndi yobisa?"

"Wopatsa weniweni salengeza. Ndiwo ulemu umenewo."

"Oho."

Mzime anatseka botolo lomaliza, nalimbitsa chivundikiro ndi mphamvu zake zonse. Bambo anatembenukira kwa poto, amene m'mbali mwake munali mutakangamira zofiira zonyezimira. Anakwinya manja a malaya.

"Iwe watopa. Poto nditsuka ndekha."

Chibadwire chake Mzime anali asanawaonepo bambo ake atagwira poto, kupatula povundukula kuti aone muli chiyani.

"Zikomo, bambo. Ndikuthandizeni poyambira." Anathiramo madzi a sopo mpaka pakamwa.

Bambo anayang'ana thovu lija ngati munthu amene basi yamusiya akuiona.

Nthawi yomweyo kunja kunamveka kugogoda.

"Odi kuno! Ndabwera ndi basiketi, monga anandiuzira mwanayu!"

Bambo anauma. "Ndi atelala amenewo? Wawaitana ndani?"

"Ine. Pomwe ndimakataya madzi paja."

"Unawauza chiyani?"

"Zomwe munanena. Kuti mukuwaphikira chatini, yonse ndi yawo. Anasangalala kwambiri. Akuti ina akagawira alongo awo."

"Alongo awo! Shuga wanga ine, wolowa m'nyumba muno ngati nsapato, akadye alongo awo?" Bambo ankakalipa monong'ona, mitsempha ya m'khosi ili njo. "Iwe, sukulu yonse ija inalowera kuti? Munthu kutseka chitseko, kusuzumira pawindo, kukutuma kukaona mvula dzuwa likuswa mtengo, iwe osazindikira kuti chatini imeneyi ndimadziphikira ndekha?"

Mzime anapukuta manja pansalu, chala chimodzichimodzi. Sanazolowere kutsutsana ndi bambo ake poyera, koma anawayang'ana m'maso.

"Ndinazindikira, bambo. Ndinazindikira bokosi la nsapato lisanatsegulidwe."

"Nanga tsono?"

"Tsiku lija munagwa m'bafa, mayi kunalibe. Amene anathyola chitseko ndine. Ndinakuitanani, ndinakugwedezani, inu osayankha. Sindikufuna kudzathyolanso china."

Bambo anayang'ana mabotolo aja ali ndandanda patebulo, nayang'ananso mwana wawo, ngati akumuona koyamba.

"Odi! Kodi muliko?"

Mzime anavundukula kambale kamene anakabisa kuseri kwa ketulo. Munali matimati osendasenda, aawisi, owaza timchere.

"Anu ndi awa, ndinakusungirani. Adokotala anati amenewa mutha kudya mmene mungafunire." Anawasanjikizira mabotolo m'manja mpaka pachibwano, nawatsegulira chitseko. "Tiyeni, bambo, mwetulirani. Paja mphatso simakhala yatheka."